Cytisine, timapilisi tosiyira fodya: tikugwira ntchito koma kamwedwe kake nkotopetsa

Ndiyambe ndi chigamulo kuti amene mulibe nthawi musavutike kuwerenga zonse. Cytisine amagwiradi ntchito, chibaba cha fodya amachiziziritsa ndithu, koma ndondomeko yomwera ndi yotopetsa koopsa komanso masiku 25 omwe amakupatsani ndi ochepa. Pa nyenyezi zisanu ndikupereka zinayi, ndipo imodzi yomwe ndachotsayo ndachotsera kamwedweko osati mankhwalawo.

Kwa amene simunamvepo dzinali, cytisine ndi mankhwala ochokera ku njere za mtengo wotchedwa laburnum, uja umachita maluwa achikasu olendewera, umapezeka kwambiri ku Ulaya. Si atsopano ngakhale pang'ono. Ku Bulgaria kampani ya Sopharma inayamba kuwagulitsa mu 1964 pa dzina loti Tabex, nde kwa zaka zambirimbiri anthu a ku Poland, Russia ndi mayiko ena a kum'mawa kwa Ulaya akhala akusiyira fodya timapilisi timeneti pomwe madokotala a kumadzulo sankatilabadira nkomwe, ku UK mwachitsanzo tinayamba kupezeka mu 2024. Chodabwitsa nchakuti varenicline, pilisi wina wosiyira fodya amene ambiri amamudziwa ndi dzina la Champix kapena Chantix, wa kampani ya Pfizer, amene anavomerezedwa ku America mu 2006, akatswiri anamupanga poonera kapangidwe ka cytisine yemweyu. Ndipo chonde, poti ndatchula za njere, wina asaganize zokafuna mtengowo nkumatafuna. Njere za laburnum ndi poizoni, ana akhala akugonekedwa nazo mchipatala. Mu pilisi mulingo wake ndi woyezedwa.

Mmene amagwirira ntchito sizovuta kumvetsa. Mu ubongo muli timalo tomwe nikotini amafikira akangolowa m'magazi, akakhalapo ubongo umatulutsa dopamine, nde kukoma kuja kumene wosuta amakumva ndudu ikangopsa pang'ono. Cytisine amapita kukakhala pampando womwewo. Amatulutsitsa dopamine pang'ono chabe, wokwanira kuti thupi lisalire kwambiri, ndipo nikotini akabwera amapeza pampando pali kale munthu, alibe pokhala. Ndiye zinthu ziwiri zimachitika nthawi imodzi, chibaba chimachepa komanso ukasuta ndudu siyikupatsa chimene umafuna.

Chachiwirichi ndi chimene chinandidabwitsa ine. Masiku oyamba amakulola kusutabe koma mochepetsa. Nde umayatsa bwinobwino monga mwa masiku onse, utsi ukulowa, utsi ukutuluka, fungo lomwe lija, kukhosi kukukanda chimodzimodzi, koma kaja kamene umakadikirira, kofewetsa mapewa kaja, sikabwera. Umakoka kachiwiri mwamphamvu kuganiza kuti mwina sunakoke bwino, ayi ndithu palibe. Ndinadzipeza ndikuzimitsa ndudu ili pakati, chinthu chomwe wosuta weniweni sachita, ndipo sikuti ndinalimba mtima ayi, inangonditopetsa basi.

Tsopano kamwedwe. Apa nde pali nkhani. M'bokosi mumakhala timapilisi 100, kalikonse 1.5 mg, tating'ono moti kakagwa pansi mukafufuza ndi tochi ya foni. Masiku atatu oyamba mumamwa kamodzi maola awiri aliwonse, mpaka 6 patsiku. Kuyambira tsiku la 4 mpaka la 12 ndi maola awiri ndi theka aliwonse, 5 patsiku. Tsiku la 13 mpaka 16 maola atatu aliwonse, 4 patsiku, kenako 17 mpaka 20 maola asanu aliwonse, titatu patsiku, masiku asanu otsalawo kamodzi kapena kawiri patsiku. Fodya mukuyenera kukhala mutamusiyiratu pofika tsiku lachisanu. Mwaiwerenga eti? Tsopano tsekani maso muinene pamtima kkkk.

Maola awiri ndi theka ajawo ndi amene amasokoneza mutu. Ukayamba 7 koloko m'mawa, kachiwiri ndi hafu 9, kenako 12, kenako hafu 2, kenako 5, nde ukachedwa kudzuka tsiku lina zonse zasuntha. Foni yanga inadzaza ma alamu, ndipo ukangoizolowera ndondomeko ina yafika nthawi yosintha, ufufute onse uyikenso ena. Alamu ikulira uli pakati pa msonkhano, anthu akukuyang'ana, iwe ukupisa m'thumba kufuna kapepala ka mapilisi komwe kapindikapindika, kamodzi katuluka kokha kali m'makona a thumba ndi zinyenyeswa. Ine ndinafika pomalemba ndi bolopeni pa kapepalako, pafupi ndi kapilisi kalikonse nthawi yake, kuti ndikaiwala ngati ndamwa ndingoyang'ana bowo. Zinandithandiza, koma munthu sukuyenera kuchita ukalaliki wonsewu pa nthawi yomwe mutu wako uli kale pa nkhondo ndi fodya. Chifukwa chake chilipo, cytisine sakhalitsa m'thupi, pakatha maola pafupifupi asanu theka lake limakhala latuluka kale, pomwe varenicline amatenga pafupifupi tsiku lathunthu nchifukwa chake uja amamwedwa kawiri patsiku basi. Ndamva, koma zikutopetsabe.

Zovuta zina zomwe ndinakumana nazo ndi zomwe zinalembedwa kale pa kapepala ka m'bokosi. Kukamwa kuuma, makamaka sabata yoyamba, botolo la madzi silinkachoka pafupi. Nseru pang'ono ukamwa m'mimba mulibe kanthu, ukadya kaye zimakhala bho. Tulo tosokonekera ndi maloto ataliatali omveka bwino ngati zenizeni, ena oti ukusuta, umadzuka mtima uli phaphapha kuganiza kuti wabwerera. Palibe chomwe chinandipangitsa kuganiza zosiya kumwa. Ndipo tinene chilungamo, kusiya fodya pakokha kumasokoneza tulo ndi kupsetsa mtima, ndiye si zonse zomwe tinganamizire mapilisi.

Koma ndemanga ya munthu mmodzi ngati ine isakutengeni mtima, ena amasiya fodya popanda kumwa kalikonse nkumayamikira madzi otentha. Chomwe chinandipangitsa kuti ndiwakhulupirire ndi kafukufuku, ndipo ndikufuna tikhalepo pang'ono chifukwa manambala ake ndi abwino komanso owawa nthawi imodzi.

Kafukufuku yemwe anatsegula maso a anthu anachitikira ku Poland, anatuluka mu 2011 mu magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine, motsogozedwa ndi Robert West. Anthu 740, theka anapatsidwa cytisine, theka timapilisi tofanana maonekedwe koma topanda mankhwala, aliyense osadziwa kuti walandira ziti. Patatha chaka, mwa omwe anamwa cytisine 8.4 peresenti anali asanasutebe, mwa enawo 2.4 peresenti. Otsatsa malonda akuuzani kuti mwayi wosiya umakwera kuposa katatu, ndipo sakunama. Koma tayang'anani mbali inayo, pa anthu 100 omwe anamwa mankhwala enieniwo oposa 90 anabwerera ku fodya chaka chisanathe. Zonse ziwiri ndi zoona, ndipo amene akukuuzani imodzi yokha ali ndi chimene akugulitsa.

Mu 2014 ku New Zealand gulu la Natalie Walker linayerekeza cytisine ndi njira zija zopatsa thupi nikotini popanda utsi, tizigamba tomata pakhungu, chingamu ndi timaswiti toyamwa. Anthu 1,310. Patatha mwezi, 40 peresenti a cytisine anali atasiya poyerekeza ndi 31 peresenti a enawo, ndipo pa miyezi isanu ndi umodzi cytisine anali patsogolobe, ngakhale kuti odandaula za nseru ndi tulo anali ochulukirapo ku mbali ya cytisine. Ku Australia mu 2021 anamuyika pa mpikisano ndi varenicline, anthu 1,452, cytisine masiku 25 varenicline masiku 84. Pa miyezi isanu ndi umodzi zinatuluka 11.7 peresenti kwa cytisine ndi 13.3 kwa varenicline, ndipo ochita kafukufukuwo ananena poyera kuti sanathe kutsimikiza kuti cytisine akufanana mphamvu ndi mnzakeyo, chabe kuti omwa cytisine anadandaula zovuta zochepa. Ine ndikaona pamenepa ndimati mpikisanowo sunali wachilungamo kwenikweni, wina wamwedwa milungu 12 wina milungu itatu ndi theka, koma kusiyana kwake nkochepa choncho.

Palinso kafukufuku yemwe okonda cytisine sakonda kumutchula. Mu 2020 ku Bangladesh ndi Pakistan anayesa pa odwala TB osuta okwana 2,472, onse analandira uphungu, theka cytisine theka timapilisi topanda kanthu. Pa miyezi isanu ndi umodzi 32.4 peresenti ndi 29.7 peresenti, kusiyana kosakwanira kunena kuti mankhwalawo anathandiza. Taonani mmene nambala ya opanda mankhwala inakwerera, pafupifupi 30 pa 100. Munthu akangouzidwa kuti mapapo ako ali ndi TB, adokotala nkumukhazika pansi kumulankhula, ambiri amasiya okha. Mantha ndi uphungu zinagwira kale ntchito yomwe pilisi akanagwira.

Mukafuna chithunzi chonse pamodzi, a Cochrane, bungwe lomwe limasanthula kafukufuku wa zaumoyo, mu 2023 anasonkhanitsa kafukufuku oposa 300 wa anthu oposa 150,000. Mwachidule, pa anthu 100 oyesa kusiya popanda chithandizo, pafupifupi 6 amakwanitsa kwa miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposa. Ndi mtundu umodzi wa nikotini wopanda utsi, 9. Mukaphatikiza chigamba ndi chingamu, 12. Ndi varenicline, cytisine kapena ndudu zamagetsi zija za nikotini, pafupifupi 14. Ndiye cytisine ali m'gulu la pamwamba, koma pamwamba pakepo ndi 14 pa 100 pa kuyesa kumodzi. Ukalephera ulendo woyamba siwe wofooka ayi, uli m'gulu la ambiri, ndipo kapepala ka m'bokosi kamanena kuti ukhoza kuyambiranso pakatha miyezi iwiri kapena itatu. A WHO nawo mu July 2024 anatulutsa malangizo awo oyamba a chithandizo chosiyira fodya kwa akuluakulu, ndipo cytisine alimo limodzi ndi varenicline, pilisi winanso wotchedwa bupropion ndi nikotini wopanda utsi.

Tsopano nkhani ya maganizo, chifukwa funso loyamba lomwe anthu amafunsa akamva za mapilisi osiyira fodya ndi loti kodi sasokoneza mutu? Manthawa ali ndi pomwe anachokera. Varenicline atangotuluka kunabwera malipoti a anthu okhumudwa kwambiri, aukali, ena oganiza zodzipha, ndipo mu 2009 bungwe loona za mankhwala ku America la FDA linayika chenjezo lalikulu kwambiri pa bokosi lake komanso la bupropion. Kenako kunachitika kafukufuku wamkulu wotchedwa EAGLES, anthu 8,144, pafupifupi theka lawo anali ndi matenda a m'maganizo monga kukhumudwa, nkhawa, bipolar ndi schizophrenia koma ali bwino pa chithandizo. Anawagawa kanayi, varenicline, bupropion, chigamba cha nikotini ndi mapilisi opanda kanthu. Zotsatira zinatuluka mu 2016 mu magazini ya zachipatala ya The Lancet, mavuto akulu a m'maganizo sanachuluke mooneka mwa omwa varenicline kapena bupropion poyerekeza ndi enawo, ndipo varenicline ndi amene anathandiza ambiri kusiya. Kumapeto kwa chaka chomwecho FDA inachotsa chenjezo lija. Zaka zisanu ndi ziwiri zathunthu madokotala akuopa kulembera mankhwalawa anthu omwe amasuta kwambiri kuposa aliyense, chifukwa odwala matenda a m'maganizo amasuta kwambiri kuposa anthu ena onse ndipo fodya ndi chimodzi mwa zifukwa zazikulu zomwe amamwalirira msanga.

Koma muonetsetse apa, cytisine mu EAGLES munalibe. Kafukufuku wambiri wa cytisine sankalowetsa anthu odwala kwambiri matenda a m'maganizo, ndipo kapepala kake kamati a schizophrenia asamale. Ndiye kwa munthu amene ali pa chithandizo cha matenda otere, umboni wochuluka uli ku mbali ya varenicline, ndipo chisankhocho chipangidwe ndi adokotala amene amakuonani osati ndemanga ya pa intaneti.

Chinthu china chomwe ndikufuna aliyense amene akumwa mankhwala a m'maganizo achimve, kaya asiya ndi cytisine, kaya ndi chigamba, kaya ndi pemphero lokha. Utsi wa fodya, osati nikotini koma phula lakelo, umapangitsa chiwindi kuphwanya mankhwala ena mofulumira, makamaka clozapine ndi olanzapine, komanso theophylline wa chifuwa cha mphumu. Nchifukwa chake wosuta nthawi zambiri amapatsidwa mulingo wokwererapo. Ukasiya fodya mwadzidzidzi chiwindi chimabwerera pa liwiro lake, mankhwala aja amayamba kuunjikana m'magazi pa mulingo womwewo womwe umamwa kale, munthu nkuyamba kuwodzera kwambiri, chizungulire, ndipo ndi clozapine zikhoza kufika pokomoka ndi kugwa khunyu. Ndiye musanasiye uzani adokotala kuti akonze mulingo. Kafeini nayenso amadutsa njira yomweyo, khofi yemwe mumamwa kale popanda vuto akhoza kuyamba kukunjenjemeretsani manja ndi kukulandani tulo, inu nkumanamizira mapilisi.

Ambirife timakhulupirira kuti ndudu imatithandiza kuchotsa nkhawa. Kafukufuku wa mu 2014 mu magazini ya zachipatala ya BMJ, yemwe anasonkhanitsa kafukufuku 26, anapeza kuti omwe anasiya fodya nkhawa, kukhumudwa ndi kupanikizika maganizo zinachepa poyerekeza ndi omwe anapitiriza, kuphatikizapo omwe anali kale ndi matenda a m'maganizo. Nkhawa yomwe ndudu imachotsa nthawi zambiri ndi yomwe ndudu yapitayo inasiya nikotini atayamba kutha m'magazi. Milungu yoyamba nde ayi, mtima umapsa ndi zinthu zopanda pake, a kunyumba muwachenjezeretu.

Amene sakuyenera kumwa cytisine: amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, amene wangodwala kumene mtima kapena sitiroko, amene mtima wake umagunda mosalongosoka kapena amamva kuwawa pachifuwa kosakhazikika. Salimbikitsidwanso kwa osakwana zaka 18, opitirira 65, ndi odwala impso kapena chiwindi. Amayi omwe ali pa mapilisi olera amauzidwa kuti awonjezere kondomu pa nthawi yomwe akumwa. Ndipo mukapitiriza kusuta kupyola tsiku lachisanu lija, nikotini ndi cytisine pamodzi zimawonjezera nseru ndi kugunda kwa mtima. Ogula pa intaneti samalani, tengani ku famase yovomerezeka, bokosi likhale ndi kapepala ka malangizo m'chilankhulo chomwe mukumva chifukwa ndondomeko ija simungailote.

Chomwe pilisi sangakuchitireni ndi manja. Chibaba cha m'thupi chimazizira, koma dzanja limapitabe lokha m'thumba ukangomaliza kudya, ukamalankhula pa foni, ukangotuluka panja, anzako akayatsa pafupi. Pamenepo palibe cytisine amene angakugwire dzanja. Ndipo dziwani kuti pafupifupi kafukufuku yense ndatchulayu anthu ankalandiranso uphungu, ngakhale wochepa, ena pa foni chabe, ndiye manambala aja ndi a pilisi kuphatikiza munthu wokufunsa kuti zikuyenda bwanji. A WHO amati ngakhale malangizo a masekondi 30 mpaka mphindi zitatu ochokera kwa wa zaumoyo amathandiza, ndipo kuphatikiza mankhwala ndi uphungu ndi kumene kumapereka mwayi waukulu. Ine amene anandigwira ndi mnzanga wina yemwe anasiya kale, uthenga wake wa madzulo woti lero zili bwanji unkandichititsa manyazi kuti ndiyatse.

Dandaulo langa lalikulu ndi pothera. Masiku 25 akatha bokosi latha, basi, uli wekha, pomwe milungu yotsatirayo ndi imene anthu ambiri amagwera. Kwa ine mapilisi atangotha chibaba chinabweranso, osati champhamvu ngati kale koma chozembera, chija chimakunong'oneza kuti imodzi yokha siyingakupweteke. Zikuoneka kuti ochita kafukufuku anaonanso vuto lomweli, chifukwa ku America kampani ya Achieve Life Sciences yakhala ikuyesa mankhwala omwewa pa dzina loti cytisinicline, 3 mg katatu patsiku basi, kwa milungu 6 kapena 12. Mu kafukufuku wotchedwa ORCA-2, wa anthu 810, yemwe anatuluka mu 2023 mu magazini ya zachipatala ya JAMA motsogozedwa ndi Nancy Rigotti, omwe anamwa milungu 12 anali atasiya 32.6 peresenti m'mwezi womaliza wa chithandizo poyerekeza ndi 7 peresenti a mapilisi opanda kanthu, ndipo pofika sabata ya 24 anali 21.1 kwa 4.8. M'mawa, masana, madzulo, palibe za maola awiri ndi theka. Imeneyo nde ndondomeko yomwe ndikanaipatsa nyenyezi yachisanu ija. Koma musatenge timapilisi ta 1.5 mg nkumadzipangira nokha mulingo umenewu, funsani kaye adokotala ngati nkotheka kutalikitsa nthawi.

Nde ndani agule? Ngati munayesapo tizigamba ndi chingamu osaphula kanthu, kapena varenicline anakuchititsani nseru mpaka kumusiya panjira, cytisine ndi woyenera kumuyesa, ndipo m'mayiko ambiri komwe amapezeka ndi wotchipa kwambiri poyerekeza ndi varenicline chifukwa ndi mankhwala akale komanso bokosi limodzi ndi chithandizo chonse. Ngati ndinu munthu woiwalaiwala, kapena ntchito yanu siyilola kugwira foni maola awiri aliwonse, varenicline wa kawiri patsiku kapena chigamba chomata m'mawa kuphatikiza chingamu zikuyenererani bwino, pilisi yemwe simukumumwa pa nthawi yake sangakuthandizeni ngakhale atakhala wabwino bwanji. Ndipo musanatsegule bokosi sankhani sabata yomwe mulibe zochitika zambiri, ma alamu a masiku atatu oyamba muyikiretu usiku wake, ndipo amene adzakufunseni madzulo aliwonse mumuuziretu tsiku lomwe mukuyamba.